Ndinayambira pa Wachitatu

Ndaphunzitsa giredi sikisi kwa zaka zambiri, ndipo tsiku lotsekera sukulu ndili ndi kachitidwe kanga komwe ana onse amakadziwa. Sindiyamba ndi amene wapambana. Ndimayamba ndi wachitatu, ndikhosomole pang'ono, nditchule wachiwiri, kenako ndiwasiye m'malere mpaka atuluke thukuta ndisanatchule woyamba. Aphunzitsi anzanga amati ndimakonda sewero, ndipo sanama. Kachitidwe kameneka ndi komwe ndinabisalamo tsiku lomwe ndinalakwira mlamu wanga.

Ndife a ku Petauke, ngakhale ine ndi mlongo wanga wamng'ono tinabadwira kuno ku Kabwe, komwe bambo anabwera kudzagwira ntchito ya njanji. Ine ndimakhala ku Nakoli pamodzi ndi amayi athu. Mlongo wangayo amayendetsa lole, ndipo amakhala ku Makululu ndi mkazi wake ndi mwana wawo mmodzi wamkazi. Mkaziyo anachita kumusankha okha amayi, kumudzi. Ankamutama paliponse, kuti amadziwa kugwada, kuti kolala ya bulauzi yake ya chigwirizano cha amayi imawala kuposa ya mkazi wa abusa. Anamutama choncho mpaka mwana anakwanitsa zaka zitatu osalankhula.

Mwanayu sayang'ana munthu m'maso. Ukamuitana amakhala ngati dzinalo ndi la wina. Amakonda mapegi oyanikira zovala, ndipo amawandandalika pakhonde, ofiira okhaokha, kenako obiriwira, ndipo ukasuntha limodzi uona zakuda. Koma kunena kuti salankhula n'kulakwitsa pang'ono. Mawu ake ake alibe, koma a ena amatola. Amatha kukhala mwakachetechete tsiku lonse, kenako n'kufuula ngati kondakitala wa minibasi, mawu ake enieniwo, ndi kusasa komwe. Chimene watola sachitaya, amachibwereza miyezi.

Kuno mwana akachedwa pa chilichonse timayamba taloza mtovu wa ku mgodi wakale, chifukwa fumbi lake timapuma tonse. Anamuyeza magazi, ndipo adokotala anati mtovu wokha sungafotokoze zonsezi. Patapita nthawi anatipatsa dzina la vutolo, otizimu. Amayi analikana dzinalo. Ankati matenda opanda mwini kulibe, chilichonse chili ndi kumene chinalowera.

Mwana ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kuchipatala kunabwera anthu ofufuza za ana otere. Anapempha malovu a anthu atatu: mwana, mayi ndi bambo. Mwanayo anakana kulavulira m'kabotolo, mpaka anachita kumupukuta m'tsaya ndi kathonje. Panapita miyezi yambiri, tinafika poiwala, kenako anatiitana. Mlongo wanga anali pa ulendo ndi lole, choncho ine ndinaperekeza mlamu. Ndinavala jekete langa la pa misonkhano ya makolo, poti ndinkapita ngati wodziwa Chingerezi wa banja lonse.

Tinapeza dokotala wamkazi, wachitsikana ndithu, amene ankalankhula Chingerezi n'kumaponyamo Chinyanja apa ndi apo. Anati m'thupi mwa munthu muli timalangizo tomwe mwana amatenga, theka kwa bambo, theka kwa mayi, ndipo timeneti ndi majini. Aliyense wa ife ali ndi majini ambirimbiri osiyanako pang'ono ndi a anzake, ndipo ochuluka sachita kanthu. Vuto lawo ofufuza ndi kudziwa oti ayambe kuwayang'ana. Ndiye jini lililonse amalifunsa mafunso angapo. Kodi kusinthako kwayambira mwa mwanayu, kapena kuli kale mwa kholo lomwe lili bwinobwino? Kodi jinilo limagwira ntchito mu ubongo mwana akadali m'mimba? Kodi laonekapo losintha mwa ana ena otere? Kodi ndi jini loti mwa anthu ambiri silipezeka lowonongeka? Mayankho onsewa kompyuta imawaphatikiza, n'kundandalika majiniwo kuyambira lokayikitsa kwambiri.

Ine ndinamva msanga, ndipo ndinafuna kuti aone kuti ndamva. Ndinati ndi chimodzimodzi kuphatikiza malikisi a masamu, a sayansi ndi a Chingerezi kuti upeze nambala wanu. Iye anaseka n'kuvomera, koma anandichenjeza kuti nambala wanu wa pa pepala lake si chigamulo, ndi poyambira kufufuza chabe. Anawonjeza kuti mabanja ambiri omwe amayerekezera nawo ndi akunja, kotero kwa ife mndandandawo ungathe kusintha.

Pa pepala lathu panali mizere itatu, uliwonse ndi dzina la zilembo ndi manambala losatchulika. Woyamba, womwe unali ndi umboni wochuluka kuposa inayo, unali kusintha kwatsopano, komwe kulibe mwa bambo, kulibenso mwa mayi, kongoyambira mwa mwanayo monga zimachitikira nthawi zina popanda wolakwa. Wachiwiri unachokera kwa bambo. Wachitatu unachokera kwa mayi, ndipo dokotala anati awiri apansiwa mwina alibe n'kanthu komwe, anangowalemba kuti asatayike. Nthawi yonseyi mlamu anali kulimbana ndi mwana yemwe ankafuna kuzimitsa fani. Ndinangoti mumtima, uyu sanamvepo kanthu, ndikamufotokozera kunyumba.

M'minibasi ndinalitsegulanso pepalalo, ndipo maso anga anakakamira pa mzere wachiwiri. Kwa bambo. Ndiye kuti magazi a mlongo wanga, omwenso ndi anga, omwenso ndi a mwana wanga wamkazi. Mwana wangayo anali atatomeredwa ndi mnyamata wa mumpingo mwathu momwemo, wa banja lonyada, loti likamva kanthu kakang'ono limabweza phazi. Ndinalipinda pepalalo n'kuliika m'chikwama changa, osati cha mlamu.

Lamlungu lotsatira, titaweruka ku tchalitchi, tinakhala pabalaza kwathu ku Nakoli. Panali amayi, mlongo wanga, mlamu, ndi mayi wina mnzawo wa amayi wa m'chigwirizano, amene anangotsatira poti anamva kuti kuli tiyi. Mayi ameneyu nkhani simugonera m'kamwa, ndipo ndinkadziwa. Mwana anali pansi pa tebulo ndi mapegi ake. Ndinaimirira, ngakhale panalibe chifukwa choimirira, ndinavala magalasi, n'kukhosomola kukhosi kwanga kwa tsiku lotsekera.

"Wachitatu," ndinatero, "majini a amake."

Sindinapitirire. Amayi anaika kapu pansi mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira.

"Ati chani? Majini?" anafunsa. "Azungu apeza majini?"

Apa m'pamene ndinazindikira chimene amva. Kwa ine, chichokereni kuchipatala kuja, majini anali timalangizo ta m'thupi. Kwa amayi, ndi kwa aliyense wa msinkhu wawo, majini ndi mizimu yoipa, yomwe imakhala mwa munthu n'kumamugwetsa. Liwu ndi limodzi lomwelo, katchulidwe komweko.

"Ninakamba ine!" amayi anatembenukira kwa mnzawo uja. "Ninakamba kuti ku banja kwao kuli vinthu. Si paja alongo awo a atate ake enzogwa na mizimu ya mashawe kumunzi? Manje onani, na makina yavomela."

Mnzawoyo anagwira pakamwa, maso akuwala ngati wapatsidwa mphatso. Mlongo wanga anayang'ana pansi. Mlamu anayang'ana ine. Sanalire, sanatsutse, anangondiyang'ana, manja ali pamiyendo.

Chofunika chinali chaching'ono. Ndikanangokweza dzanja, monga ndimachitira ana makumi asanu akamasokosa, n'kunena kuti dikirani, sindinamalize, ndipo majini ake si amenewo. Mawu anga amaletsa phokoso la bwalo lonse la sukulu. Koma tsiku limenelo ndinamva mtima wanga ukupepuka, ndipo ndinaukonda mpepukowo. Ndinang'ung'udza kuti nkhaniyi ndi yovuta, ndi ya sayansi, tidzakambirana bwino tsiku lina. Ndinapinda pepala. Ndinafunsa ngati pali wofuna tiyi wina.

Kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti chinali chizolowezi chabe, kuti ine ndimayambira pa wachitatu nthawi zonse, ndipo anthu ndi amene anandidula mawu. Limeneli ndi bodza lomwe ndinkagona nalo. Zoona zake n'zakuti ndinali nditawerenga pepalalo kokwanira, ndinkadziwa mzere womwe unali pansi, ndipo ndinkawadziwa amayi anga.

Sabata isanathe, nkhani inali itafika mpaka ku komboni ya Makandanyama. Palibe amene anamuthamangitsa mlamu, mpingo wathu si wa phokoso. Zinangosintha mwakachetechete. Iye anali munthu woti ana a anthu ankangomuunjikira pamiyendo nthawi ya ulaliki, koma tsopano mayi akafuna kukonza chitenje ankadutsitsa khanda pamwamba pa mlamu n'kupatsa wina wakutali. Azimayi oyembekezera ankapeza chifukwa chosinthira benchi. Pa maliro anasiya kumuika ku gulu lophika, ankamupatsa zotunga madzi. Anansi ake a ku Makululu anayamba kumuuza za mneneri wina wa mu tenti amene amatulutsa zotere, ndipo amayi anga, omwe moyo wawo wonse ankanyoza matenti, anamutumizira uthenga woti apiteko mwakabisira. Iye anakana. Posakhalitsa anasiya kuvala bulauzi yoyera ija, kenako anayamba kukhala benchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Mlongo wanga naye maulendo ake anayamba kutalika, ndipo amayi anayamba kunena zoti mwina mkaziyo akapume kaye kumudzi.

Ine ndinkaona zonsezi. Ndinkamupatsa moni mokweza kuti anthu aone kuti ine ndilibe naye chifukwa. Ndinamugulira ngakhale chitenje. Ukwati wa mwana wanga unachitika bwinobwino, ndinavina mpaka nsapato inaduka chidendene, ndipo mlamu anatsuka mbale kuseri.

Tsiku lina mu tchalitchi, pa nthawi ya pemphero la chamumtima, pomwe ngakhale wa chifuwa amadzigwira, kumbuyo kunamveka kukhosomola. Ndinakuzindikira ndisanadziwe chifukwa chake. Kenako mawu, okweza, omveka bwino, a mphunzitsi:

"Wachitatu, majini a amake."

Anali mwana uja. Mawuwo anali anga, kakwezedwe kake, kakokedwe ka pa "tatu", zonse. Anabwereza kachiwiri. Anthu ena anatsegula diso limodzi, ana anayamba kuseka, ndipo ndinamva mlamu akutuluka naye mwakachetechete. Ine ndinatsinzina kwambiri ngati wozama m'pemphero, nkhope ikuyaka. Aliyense m'tchalitchimo amene anaphunzitsidwapo ndi ine, kapena mwana wake, anadziwa mwini mawuwo.

Ngakhale apo sindinapite kwa mlamu. Manyazi anandipangitsa kumuzemba m'malo mondipititsa kwa iye. Chinandidzutsa chinali chaka chotsatira, mwana wanga atabereka. Mlamu anabwera kudzaona khanda, atanyamula sopo ndi kabeseni. Anasamba m'manja, anagwada pafupi ndi bedi n'kutambasula manja. Mwana wanga, yemwe mlamu yemweyu ankamuluka tsitsi ali wamng'ono, anakokera khandalo pachifuwa n'kunena kuti langogona kumene. Khandalo linali maso, likuyang'ana denga. Mlamu anabweza manja ake pang'onopang'ono n'kuwapukuta pachitenje ngakhale anali ouma. Anati mwana ndi wokongola, wafanana ndi agogo ake, ndipo anatsanzika.

Loweruka ndinatenga pepala lija m'Baibulo momwe ndinalibisa, n'kukwera minibasi ya ku Makululu. Ndinamupeza akuchapa. Mwana anali pakhonde, wakula, mapegi ake afika mpaka pa ngodya ya nyumba. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, koma nditakhala pa kampando ndinangoti pali china chake pa pepala lija chomwe sindinawerenge.

"Niziba," anatero mlamu, osasiya kufikisa malaya.

"Mudziwa chiyani, mulamu?"

"Nambala wanu siyichokela kuli ine, siyichokela kuli atate ake. Yangoyambila pali yeve. Nambala thu ni ya atate ake. Ine ndine wa lasiti." Anafinya malayawo. "Amulamu, ine ninasiyila mu giredi seveni, koma wanu, thu, firi niziba. Adokota ananionetsa na vala va kumanja, imwe muli bize kukamba va malikisi."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanalankhule tsiku lija, kapena masiku onse otsatira.

"Nikambe chani? Pamenso pa apongozi, niimilile nikambe kuti iyayi, ni mwana wanu? Sembe munati nafuna kupaka amuna anga. Elo pepala inali kuli imwe." Anathira madzi pansi n'kuyang'ana momwe ankalowera m'dothi. "Nenze kuyembekeza chabe kuti mufike pa nambala wanu. Ninaganiza kuti mwaima kuti mukhosomole."

Ndinalira, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti ngakhale kulirako kunali ndi kachiyembekezo koti andigwira paphewa. Sanandigwire. Anandisiya ndilire mpaka ndinatopa ndekha, iye akuyanika zovala popanda mapegi, poti onse anali pa mzere pakhonde. Atamaliza anati ngati ndikufuna kukonza, ndikamalize kuwerenga pomwe ndinasiyira, pamaso pa anthu omwe aja.

Ndinatero, Lamlungu lotsatira, pabalaza pomwe paja. Ndinaitana amayi, mlongo wanga, mayi wa nkhani uja, ndi mwana wanga yemwe. Sindinaimirire. Ndinayamba ndi kufotokoza kuti majini a pa pepala si mizimu, ndi timalangizo ta m'thupi tomwe tonse tili nato, abusa omwe. Kenako ndinawerenga kuyambira pa woyamba. Nditafika pa wachiwiri ndinanena momveka kuti ameneyu ndi wa kwathu, wa magazi athu. Ndinawauzanso kuti ndinkadziwa zonsezi tsiku lija ndipo ndinakhala chete dala.

Sizinayende monga ndinkaganizira. Amayi anati ndawasokoneza mutu, poyamba makina anena china, lero anena china, ndipo anapita kukagona. Mayi uja anamvetsera mwaulemu, koma ndinaona kuti nkhani yachiwiriyi siyokoma kunyamula ngati yoyamba ija. Mlongo wanga yekha ndi amene anatenga pepalalo, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa mkazi wake ngati ankadziwa. Mkaziyo atavomera, iye anatuluka panja n'kukaima pa mpanda. Zoti mkazi apite kumudzi sizinamvekenso, ndipo ndi chokhacho chomwe ndinganene kuti chinakonzeka msanga. Ndinakalankhulanso ku chigwirizano. Ena anamva, ndipo makanda ayamba kubwerera pamiyendo pa mlamu, koma alipo mpaka lero omwe amadutsitsa.

Potuluka tsiku limenelo mlamu anandiimitsa pageti. Anati akuluakulu ndawauza, chabwino, koma watsala mmodzi. Mwanayo amanena mawu aja pafupifupi tsiku lililonse, pa mpope, m'minibasi, pogula makala, ndipo iye ndi amene amakhala pambali pake anthu akamatembenuka.

"Anatola kuli imwe," anatero. "Mawu yanga satola. Mupatseni yena."

Choncho Loweruka lililonse ndimakwera minibasi ya ku Makululu. Ndimakhala pakhonde, kumapeto kwa mzere wa mapegi, osakhudza ngakhale limodzi. Ndimakhosomola monga ndinakhosomolera tsiku lija, n'kunena ndi mawu anga a tsiku lotsekera kuti, "Woyamba, palibe wolakwa." Ndimabwereza kakhumi, mwina kupitirira, anansi akundiyang'ana pa mpanda. Dokotala uja anatiuza kuti mwana wotere amatola chimene wafuna yekha, pa nthawi yake, sungamukakamize.

Miyezi yapita tsopano. Sabata yatha, nditanena kachisanu ndi chiwiri, anasiya mapegi. Anakweza mutu, anayang'ana penapake pafupi ndi khutu langa, ndipo anakhosomola. Mlamu anaima pakhomo ndi beseni m'manja.

"Wachitatu," anatero mwanayo, ndi mawu anga, "majini a amake."

Mlamu anatsitsa beseni pansi n'kuyamba kusankha nyemba.

"Kambani futi, amulamu," anatero.